Chimfine Chosatha: Zimene Mabakiteriya Amalavula M'mphuno Mwathu

Chimfine wamba chimatha chokha. Munthu amamina kwa sabata imodzi, mwina masiku khumi, kenako waiwala. Koma tonse tikudziwa wina, kaya ku hositelo kaya mu kwaya ya kumpingo, amene mphuno yake imakhala yotsekeka chaka chonse. Amalankhula ngati wadzitsina mphuno, amapumira kukamwa, akawerama kuti amange nsapato nkhope imamulemera, ndipo ndiwo zikamapserera pamoto iye ndiye amakhala womaliza kudziwa. Timangoti "ameneyo ndi wa sayinasi." Nayenso vuto likakula amathamangira kukagula makapisozi, kumwa masiku atatu, kupezako bwino pang'ono, n'kuyambiranso.

Madokotala amati matendawa akhazikika ngati apitirira masabata 12, ndipo m'mabuku amawatcha chronic rhinosinusitis. Zizindikiro zake zikuluzikulu ndi kutsekeka kwa mphuno, mamina otuluka kunja kapena otsikira kukhosi, kupweteka kapena kulemera kwa nkhope, ndi kusamva fungo. M'phunziro lino tikufuna tione chifukwa chake makapisozi aja sathetsa vutoli. Yankho lake lili pa kachikopa konyowa kamene kamakuta mkati mwa mphuno, ndi pa zinthu zimene mabakiteriya amalavulira pa kachikopako.

Khoma, tsache ndi mamina

M'mafupa a nkhope yathu muli mphako zodzaza mpweya, zinayi mbali iliyonse: m'masaya, pamphumi, pakati pa maso, ndi zina mkati kwambiri kuseri kwa mphuno, pansi pa ubongo. Mphako zimenezi ndizo masayinasi. Iliyonse ili ndi kakhomo kakang'ono kotulukira m'mphuno, ndipo zonse zinayalidwa kachikopa kofanana ndi ka m'mphunomo.

Pamwamba pa kachikopaka pali mzere umodzi wokha wa maselo. Ena mwa maselowo amapanga mamina. Ambiri ali ndi titsitsi tating'ono kwambiri totchedwa cilia, mpaka 200 pa selo limodzi, ndipo titsitsito timakupiza maulendo oposa 10 pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku. Mamina amene timawanyansidwa nawowa ali ndi magawo awiri. Pansi pali timadzi topepuka momwe titsitsi timakupizamo, pamwamba pali ulimbo wogwira fumbi, utsi ndi tizilombo. Titsitsi timakankha ulimbowo kupita nawo kukhosi, ife n'kumeza osadziwa, ndipo asidi wa m'mimba amamaliza ntchito. Pali kayezedwe kosavuta kamene ophunzira zachipatala angakumane nako: amaika kachidutswa ka saccharin kutsogolo kwa mphuno, n'kudikira kuti munthu amve kutsekemera kukhosi. Munthu wabwinobwino amamva pasanathe mphindi 20. Wodwala matendawa nthawi zambiri amadikira kwambiri.

Mphako ya m'tsaya ndiyo imaonetsa bwino kufunika kwa titsitsiti. Khomo lake lili kumwamba, pafupi ndi denga, ngati kukamwa kwa mtsuko. Madzi a mumtsuko woimirira satuluka okha. Choncho mamina onse a m'mphakoyo ayenera kukwezedwa chitunda ndi titsitsi kuti akafike pakhomo. Titsitsi tikafooka, mamina amangodikha pansi.

M'mamina mulinso zida zopha tizilombo. Chimodzi mwa izo, lysozyme, anachifotokoza Alexander Fleming mu 1922 atayesa mamina ake omwe pamene anali ndi chimfine, zaka zingapo asanatulukire penisilini.

Chotsala ndi khoma lenilenilo. Maselo aja sanangoyandikana. Anamangidwa pamodzi ndi mapuloteni amene amatseka mpata uliwonse pakati pawo, monga mmene simenti imagwirira njerwa. Zomangira za pamwamba amazitcha tight junctions, ndipo mapuloteni ake odziwika ndi occludin, claudin ndi ZO-1. Pansi pa izo pali china chotchedwa E-cadherin. Simenti imeneyi ikakhala yolimba, zimene tapuma zimathera pamwamba n'kusesedwa. Ikang'aluka, zimalowa pansi pomwe pali mitsempha ya magazi ndi asilikali a m'thupi.

Mlendo wokhala pakhomo

Bakiteriya amene amatchulidwa kwambiri pa matendawa ndi Staphylococcus aureus, yemwe uja amayambitsa zithupsa. Chodabwitsa n'choti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amamusunga kutsogolo kwa mphuno popanda kudwala. Kungomupeza m'mphuno mwa munthu sikutanthauza kanthu. Nkhani imakhala pa zimene akuchita ali momwemo.

Bakiteriya alibe mano. Kuti adye, kuti adziteteze ndiponso kuti alande malo, amatulutsa mapuloteni kunja kwa thupi lake. Ena amadula, ena amaboola, ena amasokoneza chitetezo cha m'thupi. Koma tingadziwe bwanji kuti zowonongazo ndi zotulutsazi, osati bakiteriya mwini? Njira yake ndi yosangalatsa, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya Adelaide ku Australia, motsogozedwa ndi Peter-John Wormald ndi Sarah Vreugde, aigwiritsa ntchito kwambiri. Amatenga maselo a m'mphuno mwa anthu n'kuwalera m'timbale tokhala ndi pansi ponga sefa, chakudya chamadzi chili kunsi, mpweya uli pamwamba. Pakatha masabata angapo maselowo amagwirana, amamera titsitsi, amayamba kupanga mamina, ngati kachikopa kenikeni. Kumbali ina amalera mabakiteriya mu msuzi, kenako n'kusefa msuziwo kuti pasatsale bakiteriya ndi mmodzi yemwe. Msuzi wosefedwawo ndi umene amathira pa maselo aja.

Kulimba kwa khoma amakuyeza ndi magetsi ochepa kwambiri. Khoma lotseka bwino limakaniza magetsi kudutsa, long'aluka limawalola. Amathiranso pamwamba shuga wopakidwa utoto wowala, n'kuona wochuluka bwanji wadonthera kunsi. Mu 2015 gulu la ku Adelaide linasonyeza kuti msuzi wa Staphylococcus aureus umatsitsa mphamvu yokaniza magetsi ija, utoto umadutsa, ndipo ZO-1, amene pa makina oonera zinthu zazing'ono amaoneka ngati ukonde wozungulira selo lililonse, amaduka m'malo ambiri. Mu 2018 gulu lomwelo linaloza chimodzi mwa zida zochita zimenezi, puloteni wodula mapuloteni anzake wotchedwa V8 protease.

Chida china ndi alpha-toxin. Tizidutswa take 7 timakumana pa khungu la selo n'kupanga mphete yokhala ndi bowo pakati. Mchere wa m'selo umatuluka, zakunja zimalowa, ndipo mabowo akachuluka selo limafa. Poizoni ameneyu ali ndi ukathyali winanso. Pogwira selo amamatirira pa puloteni wa selo lomwelo wotchedwa ADAM10, amene ntchito yake ndi yodula, n'kumudzutsa. ADAM10 akadzuka amadula E-cadherin. Mwini nyumba amagumula yekha simenti ya khoma lake.

Kufooketsa tsache

Mabakiteriya ena amalimbana ndi titsitsi. Pseudomonas aeruginosa amadziwika bwino kwa anamwino, chifukwa ndi amene amasandutsa bandeji ya pachilonda kukhala yobiriwira. Utoto umenewo ndi pyocyanin. Mu 1987 Robert Wilson, Peter Cole ndi anzawo ku London anasonyeza kuti pyocyanin ndi mnzake wotchedwa 1-hydroxyphenazine amachedwetsa kukupiza kwa titsitsi ta m'mphuno mwa munthu, mpaka kutiimitsa. Bakiteriya ameneyu amapezeka makamaka mwa anthu amene anachitidwapo opaleshoni ya masayinasi, a matenda a cystic fibrosis, ndi amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, monga munthu wa HIV amene CD4 yake yagwa. Streptococcus pneumoniae, wa chibayo uja, ali ndi poizoni wake woboola maselo wotchedwa pneumolysin, ndipo nayenso amafooketsa titsitsi. Haemophilus influenzae amachitanso chimodzimodzi ndi zida zake.

Tisapupulume pa nkhani ya mtundu wa mamina. Mamina obiriwira nthawi zambiri amatenga mtunduwo kwa asilikali a m'thupi otchedwa neutrophils, amene ali ndi puloteni wobiriwira, myeloperoxidase. Amaoneka choncho ngakhale pa chimfine cha mavairasi. Kuona zobiriwira pa kansalu kopukutira si chifukwa chokwanira chomwera maantibayotiki.

Kachikopa nako sikangokhala chete. Mu 2012 Robert Lee ndi Noam Cohen a ku yunivesite ya Pennsylvania ku Philadelphia anapeza kuti titsitsi ta m'mphuno tili ndi kachida kolawira zowawa kotchedwa T2R38, komwe kaja kali pa lilime. Pseudomonas amatulutsa timankhwala tolankhulirana ndi anzake, towerengera ngati achuluka mokwanira kuti ayambe kuukira. Kachida kaja kamalawa timankhwalato. Kakangotimva, selo limatulutsa mpweya wa nitric oxide umene umapha mabakiteriya, ndipo titsitsi timawonjezera liwiro. Mphuno imamvera miseche ya adani ake. Koma anthu timabadwa mosiyana: ena kachida kameneka kamagwira ntchito bwino, ena ayi, ndipo amene sikagwira apezeka ochuluka pakati pa odwala ofika pofunika opaleshoni. Apa tikuona chimodzi mwa zifukwa zimene anthu awiri ogona chipinda chimodzi, opuma fumbi limodzi, wina amadwala wina osadwala.

Ndere za m'mphako

Aliyense amene anatsukapo ndowa yosungira madzi akudziwa ndere zoterera zimene zimamatirira m'mbali. Kutsukuluza sikuzichotsa, zimafuna kukwecha. Mabakiteriya akakhazikika pa kachikopa kofooka amachita zofananazo. Amatulutsa ulimbo wa shuga, mapuloteni ndi DNA, n'kudzikwirira m'menemo. Mudzi umenewu umatchedwa biofilm, ndipo unayamba kufotokozedwa m'masayinasi a odwala matendawa mu 2004.

Mabakiteriya a m'ndere zimenezi amapirira mankhwala kuwirikiza kakhumi, kazana, mwina mpaka ka 1,000 kuposa anzawo oyandama paokha. Mankhwala amavutika kulowa mu ulimbowo, komanso mabakiteriya a pansi amakhala ngati ali mtulo, pamene maantibayotiki ambiri amapha bakiteriya amene akukula ndi kugawikana. Makapisozi amapha oyandama, wodwala n'kumva bwino. Mankhwala akatha, ndere zimatulutsa ena. Staphylococcus aureus amathanso kulowa m'kati mwa maselo a kachikopa n'kubisala momwemo. Ndipo ali m'ndere sasiya kulavula: ofufuza a ku Adelaide omwe aja anapeza kuti zotulutsa za m'ndere zake zimang'amba khoma ndi kupha maselo.

Palinso chotulutsa china chimene ogula makapisozi ayenera kuchidziwa. Ambiri mwa ma Staphylococcus aureus a masiku ano amatulutsa puloteni wotchedwa penicillinase, amene amadula penisilini ndi amoxicillin asanagwire ntchito. Pseudomonas ndiye amoxicillin samumva n'komwe chibadwire. Amene amafa ndi makapisozi ofiira ndi achikasu aja kawirikawiri ndi mabakiteriya osalakwa amene amakhala m'mphuno ndi m'matumbo, amene kupezeka kwawo kumapanikiza oipawo kuti asachulukane.

Thupi likapsa mtima

Mbali yovuta kwambiri ya matendawa, mwa kuona kwathu, ndi iyi: zambiri zimene wodwala amamva zimachokera ku mkwiyo wa thupi lake lomwe.

Staphylococcus aureus amatulutsa poizoni wina wotchedwa enterotoxin. Ndi yemwe uja amasanzitsa anthu patangopita maola ochepa atadya chakudya chimene chinagwiridwa ndi manja osasamba n'kukhalitsa pofunda. M'mphuno poizoniyu amachita zina. Mwa nthawi zonse, kachilombo kakalowa m'thupi, asilikali otchedwa T cells amene amadzuka ndi okhawo okadziwa, mwina mmodzi mwa 10,000 kapena ochepera apo. Enterotoxin amalumpha dongosolo limenelo. Amalumikiza maselo mwachisawawa, n'kudzutsa mpaka mmodzi mwa asanu alionse nthawi imodzi. N'chifukwa chake amatchedwa superantigen. Zili ngati munthu waimba mfuu ya wakuba pakati pa usiku, mudzi wonse n'kutuluka ndi zibonga, osadziwa amene akumusaka, n'kuyamba kupondaponda mbewu za m'dimba.

Mu 2001 Claus Bachert ndi anzake a ku Ghent ku Belgium anayeza timinofu timene timamera m'mphuno mwa ena mwa odwalawa, totchedwa polyps. Mu theka la timinofu timene anayeza anapezamo chitetezo cha mtundu wa IgE cholimbana ndi ma enterotoxin amenewa, ndipo odwala amenewo ndi amene anali ndi kutupa kwakukulu, ambiri a iwo alinso ndi mphumu. Kutupa kwa mtundu umenewu kumayendetsedwa ndi timauthenga ta m'thupi totchedwa IL-4, IL-5 ndi IL-13. IL-5 amaitana maselo otchedwa eosinophils, amene amathira mankhwala owotcha pa kachikopa. IL-13 amachulukitsa maselo opanga mamina, ndipo maminawo amakhala olimba ngati phala la dzulo. IL-4 ndi IL-13 amafooketsanso zomangira zija za pakati pa maselo. Maselo ovulala nawo amakuwa potulutsa IL-33 ndi TSLP, zomwe zimakolezera moto womwewo.

Tsopano tilumikize. Khoma lang'aluka, zotulutsa za mabakiteriya zalowa pansi, thupi lakwiya, mkwiyowo wang'ambanso khoma. Kachikopa katupa, timakomo ta mphako tatsekeka, mamina adikha, titsitsi tafooka, ndere zakula, zotulutsa zawonjezeka. Gudumu limeneli likayamba kuzungulira silifunanso amene analiyambitsa. Woyambitsayo akhoza kukhala vairasi ya chimfine, fumbi la mu Okutobala, thupi losagwirizana ndi mungu kapena nthata za m'fumbi la m'nyumba, utsi wa fodya, kapenanso utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda zenera, pakuti utsi nawo umafooketsa titsitsi ndi kumasula zomangira. Tionjezere kuti matendawa safanana kulikonse. Ku China, mwachitsanzo, timinofu tambiri tapezeka ndi ma eosinophils ochepa poyerekeza ndi ta odwala a ku Ulaya, ndipo IgE yolimbana ndi enterotoxin siipezeka kawirikawiri. Dzina ndi limodzi, koma mkati muli matenda angapo.

Nanga tichite chiyani?

Ngati vuto lili pa zimene zadikha pa kachikopa ndi pa kutupa kwake, chithandizo choyamba ndi kutsuka ndi kuziziritsa. Malangizo a akatswiri a ku Ulaya otchedwa EPOS, amene anatulukanso mu 2020, amaika patsogolo zinthu ziwiri zimenezi: madzi amchere otsukira m'mphuno, ndi mankhwala a steroid opopera m'mphuno.

Madzi amchere amaoneka achabechabe, ndipo odwala ena amakhumudwa dokotala akawauza zimenezi m'malo mowalembera jakisoni. Koma taganizirani zimene madziwo akuchita. Akusungunula mamina olimba, akukokolola poizoni, mapuloteni odula ndi timauthenga ta kutupa, ndipo akupatsa titsitsi mpata woyambiranso. Muyezo wake ndi magalamu 9 a mchere mu lita imodzi ya madzi, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi ndi theka. Amafunika ambiri ndithu, odutsa mbali imodzi ya mphuno n'kutulukira inayo, munthu atawerama pa beseni, pogwiritsa ntchito botolo lofinya kapena sirinji yaikulu yopanda singano. Madziwo ayenera kuwiritsidwa kaye n'kuzizira mpaka kukhala ofunda. Apa pasakhale chidule. Mu 2011 anthu awiri ku Louisiana m'dziko la America anamwalira atatsuka m'mphuno ndi madzi a pampopi osawiritsa, momwe munali kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri kamene kamakwera m'mphuno n'kukafika ku ubongo. Botolo nalo lizitsukidwa ndi kuumitsidwa, chifukwa ndere zimamera m'botolo monga zimamerera m'mphako.

Mankhwala opopera, monga beclomethasone, fluticasone kapena mometasone, amachepetsa mkwiyo wa thupi uja ndipo amathandiza zomangira kubwerera m'malo. Amagwira ntchito pang'onopang'ono, pakapita masabata, ndipo ambiri amawasiya pa tsiku lachinayi poganiza kuti ndi opanda mphamvu. Popopera, kamwa ya botolo iloze kumbali, cha kukhutu, osati ku chipupa cha pakati pa mphuno chimene chimachedwa kupola chikachita zilonda. Asasokonezedwe ndi madontho otsegula mphuno msangamsanga monga xylometazoline. Amenewo ndi a masiku ochepa okha, osafika sabata. Munthu akawapitiriza, mphuno imatupa kwambiri mankhwala akangotha mphamvu, ndipo amasanduka kapolo wa kabotolo.

Maantibayotiki ali ndi malo ake: matenda akabuka mwadzidzidzi ndi kutentha thupi, mafinya ndi ululu woopsa, kapena akayamba kufalikira kunja kwa mphako. Wosankha akhale dokotala, ndipo ngati n'kotheka mafinya ayezedwe kaye kuti adziwike bakiteriya wake.

Opaleshoni imabwera zina zikakanika, ndipo mbiri yake ikutiphunzitsa za titsitsi tija. Kale madokotala ankaboola mphako ya m'tsaya cha kumunsi, poganiza kuti mamina azitsika okha. Walter Messerklinger wa ku Graz ku Austria atayang'anitsitsa kayendedwe ka mamina anaona kuti titsitsi timalambalala bowo latsopanolo n'kumakwezabe mamina ku khomo lachibadwa. Kuchokera pa ntchito yake, opaleshoni ya masiku ano imalowera m'mphuno ndi kachipangizo koonera mkati, n'kukulitsa makomo achibadwawo ndi kuchotsa timinofu, kuti mpweya, madzi amchere ndi mankhwala zizifika mkati. Siichotsa chizolowezi cha thupi chotupa, choncho kutsuka ndi kupopera kumapitirira ndithu pambuyo pake. Kuno kwathu madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi ndi ochepa, ndipo wodwala amachita kutumizidwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumayiko olemera kulinso jakisoni wotchedwa dupilumab, amene anavomerezedwa ku America mu 2019 kwa odwala a timinofu. Sapha bakiteriya ndi mmodzi yemwe. Amangotseka njira ya IL-4 ndi IL-13, koma timinofu timafota ndipo ambiri amayambanso kumva fungo. Mtengo wake ndi wosafikirika kwa ambiri a ife, komabe zotsatira zake zikutsimikiza kukula kwa mbali imene kutupa kuli nayo pa matendawa.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira madzi amchere. Mphako zili pafupi kwambiri ndi maso ndi ubongo, ndipo fupa lolekanitsa diso ndi mphako za pakati pa maso ndi lopyapyala ngati pepala. Chikope chikatupa ndi kufiira, diso likatong'oka kapena munthu akayamba kuona zinthu ziwiriziwiri, pamphumi pakatupa, mutu ukapweteka koopsa pamodzi ndi kuuma khosi kapena kusokonezeka maganizo, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Vuto la mbali imodzi yokha nalo lifufuzidwe mwapadera. Mafinya onunkha a mbali imodzi mwa munthu wamkulu kawirikawiri amachokera ku dzino lakumwamba lowola, limene muzu wake wafika pansi pa mphako ya m'tsaya, ndipo sadzatha dzinolo lisanathandizidwe. Mwa mwana, tiyambe taganiza za njere ya chimanga, nyemba kapena mkanda umene anaulowetsa m'mphuno. Ndipo mbali imodzi ikamatsekeka n'kumatuluka magazi mobwerezabwereza, makamaka mwa munthu wachikulire, dokotala ayang'anemo kuti atsimikize ngati mulibe chotupa.